Amalume Damiyano ndi Mdima wa Kuseri kwa Manda

Lamulungu lapitali tinapereka Misa yokumbukira amalume anga a Damiyano, popeza chaka chakwana chimwalirire. Potuluka m'tchalitchi anthu ankandigwira dzanja n'kumati pepani, ine n'kumati zikomo. Koma ndikuuzeni zoona, mtima wanga uli m'malo. Amalume anamwalira masana, pamphasa pawo, atamwa phala, thupi lawo lopanda bala ngakhale limodzi. Kwa nkhalamba ya masiku ano, makamaka nkhalamba yokonda kuyenda kukada ngati iwo aja, imfa yotere ndi yothokozera Mulungu. Ena mwa amene ankandipepesawo ndikudziwa zimene ankalankhula pa nthawi ija. Manja awo ndinalandira, koma nkhope zawo sindinaziiwale.

Amalume anali mzime, obadwa m'mimba imodzi ndi amayi anga. Anakwatira chikamwini cha ku Kabudula ine ndili mtsikana, ndipo moyo wawo wonse anathera pangolo. Ankanyamula mabelo a fodya, matumba a mtedza, njerwa, odwala, nthawi zina ndi maliro omwe. Akazi awo atamwalira, akuchikazi anawasudzula mwamwambo, iwo n'kubwerera kuno kwawo, pafupi ndi Nsaru. Anafika ndi thumba la zovala, chipewa chodyeka m'mphepete, ndi goli lopanda ng'ombe. Achinyamata a m'mudzi muno sankawadziwa. Kwa iwo anali chabe nkhalamba yachilendo imene yatulukira pakhomo pa ine Nabanda. Tinawamangira kanyumba kaudzu kuseri kwa nkhokwe yanga.

Sanali munthu wosavuta kumusunga. Ndiwo zikachepa mchere ankakankha mbale osanena kanthu, zikachuluka mchere ankadya n'kumadandaula mpaka mawa. Wailesi ankadana nayo. Wotchi imene mdzukulu wanga anawagulira anaipachika pamsomali, amvekere ng'ombe zawo sizinafunsepo nthawi kwa chitsulo. Ulemu wawo wonse ankasungira kumwamba. Tikangotha kudya madzulo ankatuluka pabwalo, manja kumbuyo, khosi chagada, n'kumazungulira pang'onopang'ono ngati munthu woyendera khola kuti aone ngati zonse zalowa. Ankazitchula mayina ngati anansi: Nsangwe, Akamwini Atsatana, Nthanda, Mlalang'amba. Ankanena kuti pa ulendo wa ngolo nyenyezi ndi zimene zinkawauza nthawi yomanga ng'ombe, nthawi yozipumitsa, ndi kumene kuli kwawo njira ikasokonekera m'madambo. Ankatinso Nsangwe zikayamba kutuluka kum'mawa anthu akangotha kudya, ndiye kuti mizere ikhale yokonzeka, mvula ili pakhomo.

Musaganize kuti ankalondola nthawi zonse. Chaka china anandikakamiza kubzala chimanga ndi mvula yoyamba, ati Nsangwe zawala bwino, zilibe chinyengo. Chimangacho chinamera n'kupserera chonse. Nditawafunsa, anati nyenyezi sizinaname, mitambo ndi imene inachita ulesi. Kuyambira pamenepo thumba la mbewu ndinkagona nalo kuchipinda kwanga.

Pamene iwo ankabwerera kuno, mdima unalipobe wokwanira. Koma msika wa pa Nsaru unayamba kutambasuka, magolosale n'kumatiyandikira, mapolo a magetsi n'kutsata msewu mpaka kumapeto kwa mudzi wathu. Amene magetsi sanawafike anagula sola. Kenaka Filipo, mwana wa a Nambewe oyandikana nafe, anamanga chigayo m'malire mwenimweni mwa bwalo langa, n'kupachika babu lalikulu loyera pamwamba pa mtengo wa bulugama, loyaka kuyambira dzuwa kulowa mpaka kucha.

Ine babu limenelo ndinalikonda, ndisabise. Kwa nthawi yoyamba ndinkatha kuona ndili pazenera amene akudutsa pafupi ndi khola la mbuzi zanga, ndi amene akulowa nyumba imene si yake. Ndinadziwa zambiri chaka chimenecho. Koma amalume ankatuluka pabwalo, kuyang'ana kumwamba, n'kungoona nyenyezi zowerengeka, zofooka ngati makala a dzulo. Chakum'mawa, kumene kuli tauni ya Lilongwe, thambo linali litayamba kale kufiira usiku uliwonse ngati lupsa losazima.

"Nabanda, andithyolera khola," anatero tsiku lina.

"Khola lanji, amalume? Mbuzi zonse zilimo, ndaziwerenga."

"Iwe umangodziwa za mbuzi basi."

Mawa lake anapita kuchigayo, ine ndili pambuyo ndi lichero ngati ndikukapeta. Pamzere panali amayi ambiri, ndipo amayi a pamzere wa chigayo saphonya mawu.

"Filipo, mwana wanga, nyale yakoyi ukuunikira ndani usiku wonse? Chimanga chimaopa mdima?"

"Agogo, akuba. Mukufuna andimasulire mota?"

"Ndiye iunike pansi pali motayo. Kumwamba kuli wakuba?"

Amayi aja anaseka, Filipo n'kuchita manyazi. "Agogo, dziko linasintha. Nyenyezi zanuzo zimagaya ufa?"

Amalume anagogoda ndodo pansi. "Chabwino. Koma chimene chimayaka chimazima. Tidzaona."

Anali mawu a nkhalamba yopsa mtima, opanda kanthu kumbuyo kwake. Koma ine nditayang'ana nkhope za amayi aja ndinaona kuti awatola n'kuwamanga pansonga ya chitenje.

Sipanapite nthawi, mota ya chigayo inapsa. Filipo anagula ina, nayonso inayamba kuvuta. Kenaka mwana wake wamng'ono anadwala, kutentha thupi ndi kukomoka. Ndipo nyengo yomweyo, mwezi wa Okutobala uli kumapeto, anthu anayamba kuona amalume akutuluka m'mudzi kukangoda, ndodo m'manja, kulowera njira ya kumanda.

Amene mumadziwa kuno mukudziwa kuti mitengo ikuluikulu inatha, inapita ku zigafa za fodya ndi ku mauvuni a njerwa. Msitu umene unatsala ndi wa kumanda wokha, poti kumeneko nkhwangwa siiloledwa. Ndipo mukudziwanso zimene anthu amaganiza akaona nkhalamba ikulowera kumeneko kutada.

Ndinazindikira pa mjigo. Ndikafika, nkhani inkaduka pakati, wina n'kuyamba kufunsa za mtengo wa feteleza. Ana amene ankabwera kudzatola mango pakhomo panga analeka. Tsiku lina m'mawa ndinapeza mwala waukulu pakhonde pa amalume, woikidwa bwinobwino pakati pa khomo. Miyezi yomweyo tinali titamva za mudzi wina kutsidya kwa dambo, kumene gogo wina anamugenda mpaka kufa, nyumba yake n'kuitentha, chifukwa mdzukulu wake anafa mwadzidzidzi. Amene anachita zimenezo sanali alendo. Anali ana amene gogoyo anawabereka kumsana.

Ine sindikhulupirira munthu, ngakhale wa magazi anga. Ndiye sindinawafunse amalume. Ndinawatsata. Anadutsa m'munda mwa a Nambewe, kulambalala msitu wa kumanda osalowamo, mpaka kuseri kwake kumene kuli chulu chachikulu m'munda wa mtedza. Anakwera pachulupo movutikira, n'kukhala pansi kuyang'ana kum'mawa. Ine ndinabisala paphata pa mtengo, kudikira kuti ndione ngati avule zovala kapena atulutse kanthu m'thumba. Anatulutsa fodya wamphuno basi.

"Nabanda, ukaponda mapesi umamveka ngati ng'ombe. Bwera ukhale apa."

Ndinakwera. Nditatembenuka m'pamene ndinamvetsa. Msitu uja unali utatchinga magetsi onse a pamsika ndi babu la Filipo. Kufiira kwa tauni kunalipo ndithu chakumanja, koma kutsogolo kwathu ndi pamwamba pathu thambo linali lakuda bii, nyenyezi zili mbuu ngati ufa wotayika pamphasa. Ndinali nditaiwala kuti zimachuluka chotero.

"Malo amdima atsala ano okha," anatero. "Akufa okha ndi amene sanagule sola."

"Amalume, anthu akuti ndinu mfiti."

"Ndamva."

"Akuti mwatentha mota ya Filipo, mwalodza mwana wake."

"Ine ndingatenthe mota? Ndimalephera kuyatsa machesi, manja kunjenjemera."

"Adzakuphani. Lekani kubwera kuno."

Analoza ndi ndodo kamulu ka nyenyezi kothithikana kamene kanali katangotuluka pamwamba pa dambo. Anati zimenezo anayamba kuzidikira ali mnyamata woweta ng'ombe, ndipo palibe chaka chimene zinatuluka iwo osazilonjera. Anati zaka zimene zawatsalira ndi zochepa, sangazigawirenso Filipo.

Ndinayesa njira zanga. Ndinabisa nsapato zawo, anapita opanda nsapato. Ndinabisa ndodo, anathyola nthambi ya mpanda wanga. Ndinakoloweka chitseko chawo kunja ndi waya, anakuwa mpaka anansi kutuluka, zimene zinangoonjezera nkhani. Kwa amfumu sindinapite, chifukwa amfumu athu amagayitsa ulere kwa Filipo. Kupolisi sindinapite, chifukwa apolisi akanabwera tsiku limodzi n'kubwerera, ife n'kutsala ndi anthu omwewo.

Tsikulo linafika kumayambiriro kwa Novembala. Masana ndinaona anyamata a kabaza atasonkhana kuseri kwa chigayo, njinga zili poteropo, osanyamula munthu. Wina ankasenda chibonga ndi chikwanje. Nditawapatsa moni anayankha akuyang'ana pansi. Dzuwa lisanalowe, amayi anayamba kuitanira ana m'nyumba. Ndinadziwa kuti ndi lero.

Kwa ife Akatolika, Novembala ndi mwezi wopempherera akufa, ndipo amayi a mphakati wathu ankasonkhana madzulo aliwonse kupemphera kolona, nyumba ndi nyumba. Tsiku limenelo inali nthawi ya kwa a Nambewe, amayi ake a Filipo. Ndinavala chitenje cha mpingo n'kupita. Ndinapeza atayala kale mphasa.

"Amayi anzanga," ndinatero, "mwezi uno timapempherera akufa, koma timawapempherera tili kutali ngati tinayambana nawo. Bwanji lero tikapemphere pafupi? Kumanda sitilowa, tikudziwa mwambo. Tikagwada kuseri, m'munda wa mtedza uja."

Anayang'anana. Wina anati kwada. Wina anati kuli njoka.

Ndinatembenukira kwa a Nambewe. "Inu amuna anu agona kumeneko. Kapena mukuwaopa? Paja ali moyo ndi iwo ankakuopani."

Amayi anaphulika kuseka. A Nambewe ndi munthu wosafuna kugonja pagulu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kudzuka, kumanga chitenje. "Ine kuopa bambo a Filipo? Tiyeni. Tengani mphasazo."

Mpaka lero sindidziwa ngati a Nambewe ankadziwa zimene mwana wawo anakonza. Mwina sankadziwa. Mwina ankadziwa, ndipo ankangosowa wowapatsa chifukwa chodzukira. Sindinawafunse, ndipo akanandiyankha sindikanawakhulupirira. Amayi amenewo sindinawasankhe chifukwa cha chifundo chawo. Ndinawasankha chifukwa pakati pawo panali amayi, azakhali ndi apongozi a anyamata aja, komanso chifukwa chimene aona ndi maso awo chimafika pa Nsaru tambala asanalire.

Tinapeza amalume ali kale pachulu. Atationa anakwiya. "Nabanda, wanditengera msika wonse?"

"Tabwera kudzapemphera, amalume. Inu yang'anani zanuzo."

Tinayala mphasa kuzungulira chulu n'kuyamba kolona. Ine milomo inkayenda koma makutu anali kumsitu. Tili pakati, ndinamva mapesi kuthyoka mbali ziwiri. Kenaka matochi anayaka pamodzi, wina n'kukuwa kuti, "Gwirani! Asathawe!"

Kuwala kuja kunagwera pa nkhope za amayi ogwada, mikanda ya kolona ili m'manja. Mnyamata wina amene anali kutsogolo, mwala uli m'manja, anapezeka akuunika amayi ake omubala.

A Nambewe sanadzuke n'komwe. Anaika dzanja pamphumi kutchinga kuwala. "Filipo. Ndiwe?"

"Amayi... mukutani kuno?"

"Ndikupempherera bambo ako. Iwe chibongacho ndi cha ndani?"

"Amayi, simukudziwa. Agogowa usiku uliwonse amabwera..."

"Amabwera kudzakhala pachulu. Ndawaona ndi maso angawa. Nanenso ndakhala pachulu, ndiyambe ine kumenyedwa? Bwera, yamba ine. Paja mwana wako kuchipatala anati ndi malungo, eti? Kapena udzudzu nawonso ndi wa a Damiyano?"

Mayi wina anaitana mwana wake ndi dzina la paubwana limene anzake a kabaza sankalidziwa, anyamata ena n'kuyamba kuseka mobisa. Ndinamva miyala ikugwa pansi umodzi umodzi, mwakachetechete, ngati mango akupsa. Akumbuyo anazemba. Amene anagwidwa ndi maso a amayi awo sakanatha.

"Gwadani," anatero a Nambewe. "Tatsala ndi magawo awiri a kolona."

Anagwada, zibonga zili pambali. Ndipo m'pamene amalume analankhula, kwa nthawi yoyamba chifikire anyamatawo. Sanadzitchinjirize, sanatukwane munthu.

"Zimitsani matochiwo. Ndathawa nyale kumudzi, mwanditsata nazo mpaka kuno?"

Anazimitsa. Poyamba sitinkaona kanthu. Tinapitiriza kupemphera, maso n'kumazolowera pang'onopang'ono, ndipo pofika kumapeto ndinaona kuti mitu yambiri yaloza kumwamba. Titamaliza palibe anafulumira kudzuka. A Nambewe analoza kum'mawa, amvekere, "Si Nsangwe izo? Mayi anga ankandidzutsira zimenezi. Ine ndimayesa zinatha."

Filipo anayang'ana kwa kanthawi, n'kufunsa ndi mawu otsika, "Agogo, kodi zonsezi zimakhalapo masiku onse?"

"Ayi," anatero amalume. "Zabwera lero kudzaona chigayo chako."

Pobwerera amalume anayenda pakati pa amayi, akudandaula njira yonse kuti tawasokoneza, kuti amayi a mphakati amapemphera mokuwa ngati Mulungu ndi wogontha. Sanandithokoze tsiku limenelo, ngakhale tsiku lina lililonse. Analengezanso kuti mvula igwa sabata isanathe. Inagwa mu Disembala.

Filipo naye sanapepese. Koma patapita masiku anakwera pa bulugama paja n'kuveka babu lija chisoti cha lata, kuti kuwala kuzigwera pansi pa chigayo pokha. Anauza anthu kuti akuliteteza ku mvula. Bwalo langa linada pang'ono, ndipo ine ndinasiya kuona bwino khola la mbuzi, zimene sizinandisangalatse. Kwa amalume sizinakwanire, chifukwa magetsi a pamsika anali akuchulukirabe. Anapitiriza kupita kuchulu, koma tsopano ndinkawaperekeza ndekha, nthawi zina ndi a Nambewe, tikukambirana mokweza kuti aliyense amve kumene tikupita. Manong'onong'o sanatheretu. Zoterezi sizitheratu. Mwana akadwala m'mudzi, ine ndinkagona ndi diso limodzi, khasu lili pafupi ndi chitseko, kwa zaka zonse zimene anakhalabe ndi moyo.

Chaka chawo chomaliza miyendo inakana, maso nawo anachita nkhungu. Ankakhala pakhonde n'kumandifunsa ngati Nsangwe zatuluka. Ine ndinkayang'ana kum'mawa, n'kuona kufiira kokhakokha.

"Zatuluka, amalume."

"Wanama. Iwe sunayambe wayang'ana kumwamba osaopa kuti wina akubera nkhuku."

Anamwalira m'nyengo yozizira. Pamaliro panadzaza anthu, kwaya inaimba usiku wonse, ndipo anyamata a kabaza omwe aja ndi amene anakumba manda. Filipo anagaya ufa wa pamaliro osalipiritsa, n'kunyamula nawo bokosi. Ndinamuyang'anitsitsa njira yonse. Ankalira ndithu, koma chimene ankalira sindikuchidziwa. Bokosi litatsikira pansi, dothi n'kufotseredwa, mapewa anga anamasuka kwa nthawi yoyamba. Ndinabwera kunyumba n'kugona tulo mpaka dzuwa kutentha.

Titameta, abale anati kanyumba kawo tikagwetse, monga ena amachitira mwini wake akapita. Ndinakana. Ndinati pa nyumba imeneyo pasaikidwe dzanja la munthu, idzagwe yokha. Ilipobe kuseri kwa nkhokwe. Udzu wa padenga wayamba kutsetsereka mbali ya kudambo, chiswe chakwera pa mafelemu a chitseko, ndipo mphonda yamera yokha pakhonde n'kuyanga mpaka pazenera. M'kati nkhuku yanga yakuda inaikira mazira pakona pamene ankayala mphasa. Khoma lakumbuyo lachita mng'alu wolowa dzanja, ndipo ndikuona kuti mvula ikubwerayi silipirira. Ligwe. Ligwetsedwe ndi mvula, pang'onopang'ono, udzu wake uli wosapsa.